Nachammbali Alira Maliro a Nsato

Padangokhala, ndipo amene muli nane vomerani kuti tili limodzi. Padali nkhanu ina yaikazi dzina lake Nachammbali. Iyeyu ankakhala pamatope, pakati pa mtunda ndi thamanda lalikulu, pamene padabadwira amayi ake ndi amayi a amayi ake. Anansi ake adali achule, nkhono, milamba ndi timbalame ta m'bango. Mfumu yeniyeni adalibe. Nkhani ikabuka ankangosonkhana n'kukambirana mpaka itapsa. Koma onse ankadziwa kuti pakamwa pa mudziwo ndi Nachammbali, chifukwa mayiyu nkhani ankailowera chammbali monga momwe ankayendera, ndipo wotsutsana naye ankadzazindikira kuti wagonja atavomera kale.

Chaka china kudagwa chilala choopsa. Zitsime zidaphwa, mitsinje idasanduka njira, koma thamanda lija lokha silidaume. Ndiye kudayamba kufika alendo. Kumtunda kudatulukira Njati ndi khamu lake, mbidzi, njiri ndi agwape, nthiti zikuchita kuwerengeka, malilime ali lende. Chakumtsinje kudakwawa Mvuu ndi Ng'ona, misana itang'aluka ndi dzuwa. Eni matope adawamvera chisoni. Adawalozera podutsa kuti asatitimire, nawaonetsa pamene madzi ake ndi ozizira. Ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Koma mame amenewo sadakamuke. Mvula itabwerera, alendo aja sadabwerere kwawo. Adanenepa, adaswana, kenaka adati malo abwino chotere sangakhale opanda owayendetsa. Akumtunda adakhazikitsa bwalo lawo, Njati n'kukhala wapampando. Am'madzi nawonso adakhazikitsa lawo, wapampando Mvuu, nduna yake Ng'ona. Mabwalo awiriwa ndiwo ankagamula kuti udzu uotchedwe liti, bango lidulidwe kuti, nsomba zigwidwe motani. Pa mipando yonseyo padalibe ngakhale umodzi wa mwini matope.

Poyamba a pamatope sadalabadire. Koma tsiku lina bwalo la kumtunda lidagamula kuti matope akauma ndi mtunda, choncho nyama zizitsikira kumadzi paliponse pamene zafuna. Ziboda zidayamba kupondereza mauna a nkhanu, denga kumagwera ana. Posakhalitsa bwalo la m'madzi nalo lidagamula kuti matope akanyowa ndi madzi, choncho a Mvuu akumbe ngalande zodutsamo popita kumsipu. Ngalande ina idadzera pamene achule adaikira mazira, ina idang'amba pakati manda a makolo a Nachammbali.

Pamudzipo padali kachule kena kofupika mtima dzina lake Finye. Nachammbali ankamutcha alamu chifukwa adakwatira kumtundu kwawo, ndipo ndiye ankatsogolera nyimbo pamudzipo. Finye ataona mandawo adafufuma ndi mkwiyo mpaka miyendo yake osagundanso pansi, nayamba kukuwa kuti nkhondo iyambe lero lomwe.

"Alamu, mano omenyera nkhondoyo mwabwereka kwa ndani?" adafunsa Nachammbali.

Finye adaphwa pang'ono. Nachammbali adawauza anzake kuti nkhani yawo ikukambidwa iwo palibe, ndipo mankhwala ake n'kukapempha mpando pamene amakambirapo. Onse adavomera, ndipo m'mawa mwake adauyamba ulendo wa kubwalo la kumtunda.

Adapita akuimba nyimbo yawo yakale imene ankaimba pozira mauna. Finye ndiye ankayambitsa ndi kamawu kake kang'onong'ono, kufunsa kuti madzi pofika koyamba pamalopo adapeza ndani atakhala. Khamu lonse linkavomera kuti adapeza eni ake, a matope m'zikhadabo. Achule ankagunda mawu apansi, nkhanu zinkawomba manja awo opanira, timbalame tikuliza nthungululu pamwamba.

Njati adawamvetsera akubzikula. Nachammbali atatha kufotokoza, Njatiyo adamuuza kuti asendere pafupi, namununkhiza pamsana.

"Mayi, inu ndinu onyowa," adatero Njati. "Nkhani za onyowa zimakambidwa kwa a Mvuu."

"Ngati ndife a kwa a Mvuu, nanga anthu anu akupondanji madenga athu?"

"Matopewo ndi athu. Okhalamowo ndiwo a m'madzi."

Mbidzi ndi njiri zidaseka mpaka kugubuduka, ndipo msonkhano udapitirira ngati padalibe amene wayankhula.

A pamatope sadafooke. Adatembenuka, Finye n'kuyambitsanso nyimbo ija mokweza kuposa poyamba, ulendo wa kubwalo la m'madzi. Kumeneko adapeza Mvuu akuyasamula, ndipo amene adawayankha ndi nduna yake Ng'ona. Iyeyu adamuzungulira Nachammbali akumuyang'ana pansi, nati chinthu cha miyendo yambirimbiri chotere, chogona muuna wokumba, sichingakhale cha m'madzi.

"Nanga a nduna, miyendo yanuyo ndi yobwereka?" adafunsa Nachammbali.

Nsomba zidabisa nkhope m'madzi kuti kuseka kwawo kusamveke. Ng'ona adapsa mtima, namenya madzi ndi mchira kuti phwaa, funde n'kuwaponyera alendowo kumtunda, wina chagada, wina chadodolido. Ali chigonere choncho adamva mawu a Mvuu akuti matopewo ndi a bwalo la m'madzi, koma okhalamowo ndi a kumtunda.

Nachammbali adadzigudubuza, naimirira, n'kuwauza anzake kuti asataye mtima, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha. Adamva kuti mabwalo awiriwo amakhala ndi tsiku lokumana pamodzi, ndiye adati tsiku limenelo palibe amene adzatitumize kwa mnzake, poti onse adzakhala pamodzi.

Tsikulo litakwana adapita mudzi wonse, ngakhale nkhono zidalawirira kuti zikafike nthawi yabwino. Adazungulira bwalolo n'kuyamba kuimba. Nyimbo ija idamveka ngati mvula ya matalala, moti Njati ankatsegula pakamwa koma mawu ake osamveka. Mvuu adayesa kubangula, achule n'kumumiza ndi mawu apansi. Apampando awiriwo adagundanitsa mitu n'kunong'onezana, kenaka Njati adaimika chiboda nalengeza kuti mabwalo aganiza zowapatsa ulemu eni nyimbo yokoma chotere. Kuyambira tsikulo msonkhano uliwonse uzitsegulidwa ndi nyimbo yawo, ndipo mayi Nachammbali azikhala nawo pabwalo, kunsi kwa mpando wa a Njati.

Finye adalumpha ndi chimwemwe. Adaimbanso kachiwiri, a Njati akugwedezera mutu, a Mvuu akuvinitsa timakutu. Nyimbo itatha, Nachammbali adakakhala kunsi kwa mpando kuja ndipo nkhani zidayamba. Nkhani yoyamba idali yoti bango lonse la pamatope liotchedwe likangouma, kuti akumtunda aziona madzi ali patali ndiponso am'madzi aziona msipu. M'bangomo ndimo mudali zisa za timbalame, ndimonso mudathawira mabanja onse amene mauna awo adagumuka. Nachammbali adakweza dzanja, koma padalibe womuona. Adakwezanso, nalivinitsa uku ndi uku, koma ayi ndithu. Potsiriza adatuluka kunsi kwa mpando n'kuyamba kuyankhula.

"Mayi, gawo lanu latha," adamudula Mvuu mwaulemu. "Inu munaitanidwa kudzaimba."

Ndipo adagamula kuti bango liotchedwe.

Pobwerera padalibe woimba. Finye adaphweratu ngati thumba lobooka, ndipo iye ndi Nachammbali adatsalira kumbuyo. Akudutsa m'bango, Finye adakhumudwa pa chinthu chachitali chamawangamawanga. Atachiyang'anitsitsa maso adatong'oka, natsegula pakamwa kuti akuwe maliro, koma Nachammbali adamupana milomo.

Chinthucho chidali Nsato, kapena tinene kuti chidaoneka ngati Nsato. Tsono Nsato sadali njoka wamba. Ndiye ankapempha mvula m'malo mwa nyama zonse, ndipo padalibe bwalo limene linkamulamula. Abale ake adali Mamba, Mphiri ndi Songo, anthu osadziwa kuseka. Aliyense ankadziwa lamulo lakale lakuti munthu wamkulu akafera pamalo pako, mlandu wa mutu wake ndi wako, ndipo abale ake amafikira kwa iwe.

Nachammbali adagogoda chinthucho ndi dzanja, n'kumva kuti m'kati mulibe kanthu. Iyenso pokhala nkhanu ankafundula chaka ndi chaka, ndiye adadziwa kuti ili ndi khungu chabe, mwini wake wakabisala kuphanga kudikira kuti latsopano likhwime. Adaima duu, maso ake ataimirira pa timitengo tawo. Kenaka adayamba kuvina yekha, kupita kumanja, kubwerera kumanzere.

"Alamu, thamangani mukaitane mudzi wonse. Tili ndi maliro."

Anthu atasonkhana adawafotokozera nzeru yake, ndipo ntchito idagundika. Nkhanu zinkakumba matope, achule ankawaponda kuti afewe, milamba inkawakankhira m'khungumo kuyambira kumchira mpaka kukhosi. Nkhono zidayenda pamwamba pake kuti linyezimire. Kumutu adafunditsako masamba monga achitira ndi maliro. Atamaliza, ngakhale iwo eni adachita mantha, chifukwa padagona Nsato weniweni, wonenepa, ali zii.

"Akamva eni ake atimeza tonse," adanong'ona Finye.

"Alamu, kumezedwa ndi nsato kapena kupsera m'bango, sankhani imfa imene ikukukomerani."

Adaitana Nantchengwa, mbalame yonyamula mauthenga a maliro, imene sidali ya bwalo lililonse ndipo inkadziwika kuti simawonjezera mawu. Nachammbali adaiuza kuti ipite kumabwalo onse awiri ikanene kuti a Nsato atisiya pamatope, mawu okhawo basi, osawonjezera, osachotsera.

Uthenga utafika kudali chipwirikiti. Akumtunda adathamanga fumbi lili koboo, am'madzi adasambira mafunde akuchita kusefukira. Adafika n'kuima motalikira, wina aliyense akufuna kubisala kumbuyo kwa mnzake. Adapeza a pamatope atakhala mozungulira mtembo, mitu ili pansi, Nachammbali akulira mokweza kuti mvula yathu yapita, titani ife ana amasiye.

Atatonthola adakwawira kwa Njati nagwada. Adati iwo ndi anthu ongokhala nawo, alibe mphamvu pa maliro aakulu chotere, ndiye eni malo anyamule zovuta zawo ndipo atumize uthenga kwa a Mamba, a Mphiri ndi a Songo. Adakumbutsa Njati kuti pabwalo paja adanena yekha kuti matope ndi a akumtunda. Poyankhula choncho ankaloza mapazi a ziboda amene adali mbwee pafupi ndi mtembowo.

Njati adakana msanga. "Ine ndinanena matope ouma. Awa taonani, ndi onyowa. Maliro awa ndi a a Mvuu."

Nachammbali adapepesa chifukwa cholakwitsa, nakwawira kwa Mvuu, akuloza ngalande imene idadutsa chakumchira kwa mtembowo. Mvuu adabwerera m'mbuyo mpaka madzi kumufika m'khosi, nati iye chibadwire sadaonepo matope ouma ngati amenewo, ndipo mwana aliyense angathe kuona kuti pamenepo ndi pamtunda.

Mkangano udabuka. Njati ankati ndi panu, Mvuu ankati ndi panu. Mbidzi zinkafufuta mapazi awo mobisa, Ng'ona akuyesa kukwirira ngalande ndi mchira. Nachammbali ankangoyenda pakati pawo chammbali, akupukuta misozi, nawakumbutsa kuti dzuwa likukwera, mtembo suchedwa kununkha, ndipo fungo likafika kwa a Mamba iwo asadalandire uthenga, mlandu udzakhala pawiri. Kenaka adati mawu a pakamwa amauluka, ndipo abale a malemu akafika adzafuna malumbiro, osati zokanakana.

Njati sadadikire kuti amupemphe kawiri. Adaponda pansi nalumbira pamaso pa Nantchengwa kuti matopewo si ake, si a bwalo lake, ndipo ngati akunama mvula isadzagwenso pamsana pake. Mvuu adalumbira kuti ngati matopewo ndi a bwalo la m'madzi, thamanda limuumire ali momwemo.

"Pepani akuluakulu, ine mutu wanga ndi waung'ono," adatero Nachammbali. "Mukukana pokhapa pagona malemupa, kapena ndi apo pali bangopo? Chifukwa a Songo adzafunsa kuti malemu anadzera kuti."

Onse awiri adayankhira pamodzi kuti bangolonso si lawo.

"Nanga tsidya ilo? Paja malemu ankakonda kuothera dzuwa kumeneko."

Adakananso tsidyalo. Nachammbali adapitiriza kufunsa, uku akusisima, ndipo iwo ankakana mothamanga ngati akutaya khala lamoto. Adakana matope a m'chilimwe, adakana a m'dzinja, adakana kuyambira pamene nthaka yolimba ithera mpaka pamene madzi ayambira, kuzungulira thamanda lonse.

"Tsono ngati si a kumtunda, si a m'madzi, matope amenewa ndi a yani?"

Ng'ona ndiye adalumphira yankho, akuona ngati wachenjera. "Ndi anu, mayi. Si munabadwira pompano inu? Si nyimbo yanu ija imanena zomwezo tsiku ndi tsiku?"

Nyama zonse zidavomera mwaphokoso kuti nduna yanena zoona. Njati adati maliro ndi anu, mlandu ndi wanu, matope ndi anu. Mvuu adati ndi anu kuyambira kale ndipo adzakhala anu mpaka muyaya. Nachammbali adapempha Nantchengwa kuti abwereze zonse zimene wamva, ndipo mbalameyo idabwereza liwu ndi liwu, apampando akugwedeza mitu.

"Talandira," adatero Nachammbali, misozi itauma kale. "Alamu, yambitsani nyimbo tiike maliro athu."

Finye adayambitsa nyimbo ija pang'onopang'ono ngati ya pasiwa, kufunsa kuti madzi adapeza ndani. Koma khamu povomera lidalephera kudzigwira. Nyimbo idayamba kuthamanga, manja a nkhanu akuwomba, achule akudumpha, timbalame tikuzungulira m'mwamba, ngakhale nkhono zidatulutsa nyanga n'kumazivinitsa. Alendo aja adayang'anana, kudabwa kuti kodi anthu a pamatope maliro amalira chotere.

Phokosolo lidafika kuphanga. Bango lidayamba kugwedezeka, kenaka lidapatuka, ndipo padatulukira Nsato, khungu lake latsopano likuwala ngati lodzola mafuta. Gwape wina adakuwa kuti mzukwa, nyama n'kubalalika. Njati adagwa chagada, Mvuu adamira n'kusiya timaso tokha, Finye adafufuma n'kugubudukira muuna wa eni ake. Nyimbo idaduka. Amene adatsala poyera ndi Nachammbali yekha.

Nsato adayang'ana mtembo uja kuyambira kumutu mpaka kumchira, lilime likutuluka ndi kulowa.

"Maliro a ndani awa?"

Njati atazindikira kuti si mzukwa adadzuka msangamsanga, nayamba kunena kuti kankhanu aka ndi kabodza, kalengeza dziko lonse kuti inu mwafa, ndipo kayenera kuphwanyidwa pompano. Nsato adasendeza mutu wake mpaka mpweya wake unkamuwomba Nachammbali kumaso.

"Ine sindinanene kuti mwafa, mayi wathu," adatero Nachammbali. "A Nantchengwa ndi mboni. Ndinati a Nsato atisiya pamatope. Kodi simunatisiye? Munavula chovala chanu pano, n'kutisiya, inu n'kupita kuphanga."

Nantchengwa adavomera kuti mawu adali omwewo.

"Nanga matope ali m'chovala changamo?"

"Chovala cha munthu wamkulu sichigona chokwinyika ngati sanza. Tinati tichikonze, tichiike mwaulemu."

Nachammbali adaona ngati tsiku lake lakwana. Kenaka thupi lonse la njokayo lidayamba kugwedezeka, kuyambira kukhosi mpaka kumchira. Ankaseka.

"Mayi iwe, ukanakhala wa mnofu ndikanakumeza. Koma ndingadzilase pakhosi chabe."

Atatha kuseka adatembenukira kwa Nantchengwa, namufunsa kuti pamene onse ankayesa kuti wafa, adavomera kunyamula maliro ake ndani. Nantchengwa adafotokoza zonse mosabisa: momwe Njati adakanira, momwe Mvuu adabwerera m'madzi, momwe Ng'ona adaperekera matope kwa eni ake, ndi malumbiro onse monga adalumbiridwira. Kuseka kwa Nsato kudatheratu.

"Ndiye ine wokupemphererani mvula ndikanaolera padzuwa, inu mukukankhirana?"

Nsato adati iye za mabwalo salowerera, koma malumbirowo adalumbirira pa mvula, ndipo mvula ndi nkhani yake. Amene adzawaphwanye adzaone yekha chimene chidzagwe pamsana pake. Atatero adalowanso m'bango.

Njati adapukusa mutu nati zachibwana zatha, matope okhawo atenge, ndani amadya matope. Kukangana kuja kudamuumitsa kukhosi, ndiye adalunjika kumadzi kuti akamwe. Asadaponde pofewa adapeza Nachammbali ataima kutsogolo kwake, dzanja lili m'mwamba.

"Pepani a Njati, apa mwafika pamalo a eni. Odi ndiye sitinamumve."

Njati adapatukira kumanja, napeza achule atandanda. Adapatukira kumanzere, napeza nkhono. Adayang'ana tsidya, ndipo pamenepo m'pamene nzeru zidamubwerera: matope aja adazungulira thamanda lonse, ndipo padalibe njira yofikira kumadzi osaponda pamene iye mwini adalumbira kuti si pake. M'madzimo namonso Mvuu adazindikira kuti msipu uli kuseri kwa matope omwewo, ndipo Ng'ona adakumbukira kuti mazira ake amaikira kumtunda. Akulu akale adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Awa mlomo udawapeza tsiku lomwelo.

Finye adatuluka muuna muja atafufuma kuposa kale. Adakwera pamtembo wa matope uja n'kulengeza kuti palibe adzamwenso madzi, palibe adzadyenso msipu, onse abwerere kumene adachokera. Achule ena adavomereza, ndipo nkhanu zimene ana awo adaponderezedwa zidawomba manja. Nachammbali adawasiya akuwe mpaka atatopa. Kenaka adawakumbutsa kuti makolo awo sadamanepo munthu madzi, ndipo ana a mbidzi amene akulira ndi ludzu apowo adabadwira pompano, kwina sakudziwako. Adati chimene adapitira kumabwalo katatu konse sichidali kuthamangitsa anthu ayi, koma kuti nkhani za pamalo pawo zizipsa iwo ali pomwepo.

Komabe sadafulumire kutsegula njira. Adadikira kuti dzuwa lifike paliwombo, malilime ayambe kulendewera monga chaka cha chilala chija. Pamenepo Njati adatsitsa mutu, nati odi. Mvuu naye ali m'madzi adati odi.

Nachammbali adawayankha, nawauza zofuna za eni malo. Mabwalo awiri aja athe, pakhale bwalo limodzi loyang'anira mtunda, madzi ndi matope omwe, popeza chochitika kumodzi chimafika konse. Bwalolo lizikumana pamatope, ndipo wolitsogolera azichokera kwa eni matope. Akumtunda ndi am'madzi adzakhala ndi malo awo, ndiponso pakamwa pawo, sadzaitanidwa kudzaimba chabe.

Njati adayesa kupulumutsa kena kake. Adati zonse wamva, koma mpando wa wapampando ndi waukulu, nkhanu ingaukwere bwanji.

"Pamatope palibe mpando, a Njati. Ungatitimire. Kuno aliyense amakhala pansi."

Adavomera, ndipo njira idatsegulidwa. Nyama zidamwa mpaka mimba kuti ndi, a pamatope akuimba nyimbo yawo, ulendo uno mopanda wowalamula kuti ayambe kapena aleke. Pomwepo adasankha Nachammbali kuti atsogolere bwalo latsopanolo.

Msonkhano woyamba udali wa phokoso kuposa yonse imene idachitikapo. Njati pofika adatitimira mpaka m'maondo, moti ankaoneka ngati wagwada, ndipo timbalame tidaseka mpaka Nachammbali adachita kutidzudzula. Adagamula kuti pakhale doko limodzi lomwera madzi, ndi njira imodzi ya a Mvuu yodutsa kutali ndi manda. Ngalande zina zonse zikwiriridwe, ndipo okwirira akhale omwe adakumba. Bango lisaotchedwe, koma lizidulidwa mbali imodzi chaka chino, mbali ina chaka chamawa, ndipo zisa zikakhala ndi mazira lisakhudzidwe n'komwe.

Kenaka mbidzi ina idakweza chiboda mwamanyazi. Nachammbali adaiona msanga naipatsa mpata. Mbidziyo idati pamalo pamene asankha kuti pakhale doko pali mauna a nkhanu, ndipo mwana wake adathyokerapo mwendo. Onse ankadziwa kuti una waukulu pamenepo ndi wa Nachammbali mwini, umene adaukumba ali mtsikana. Finye adamunong'oneza kuti angosuntha dokolo, nanga si mphamvu ali nazo. Nachammbali adafunsa bwalo ngati pali malo ena olimba bwino oti nyama zolemera n'kutsikirapo, ndipo milamba, imene imadziwa pansi, idati palibe.

"Ndiye mauna achoke," adatero. "Woyamba kusamuka ndine. Alamu, mawa mubwere ndi khasu."

Abale ake ena adang'ung'udza masiku angapo, koma ataona mayi wawo akututa katundu adatutanso wawo. Tsiku losamukalo Njati adabwera osaitanidwa, nafunsa ngati pali chonyamula. Adamusenzetsa ana a nkhanu pamsana, ndipo adayenda nawo pang'onopang'ono ngati wasenza mtsuko wodzaza.

N'chifukwa chake mpaka lero mukaona njati itadzola matope thupi lonse, dziwani kuti ikuchokera kumsonkhano. Mvuu imayenda njira imodzi yomweyo potuluka m'madzi, osapatuka. Nkhanu nayo mukaiyandikira pakhomo pake imakweza dzanja m'mwamba, kudikira kuti munene odi.

Nthano yanga yafika padoko. Amene wamva ludzu amwe, koma ayambe wapempha eni.